Chitsononkho chomwe chinasanduka maiki

Kuseri kwa nyumba yathu ku Chilomoni kuli kabwalo kafumbi komwe ana a m'dera lathu amamenyerako chikulunga. Magolo ake ndi njerwa, ziwiri uku ziwiri uko. Loweruka lina mu April 2023 ndinali pakhonde ndikukonza tcheni cha njinga, phokoso la anawo likungondidutsa m'makutu monga mwa masiku onse. Kenaka phokosolo linasintha. Mpira unali utatha koma ana sanabalalike, anaunjikana malo amodzi. Nditasuzumira ndinaona mwana wanga wamwamuna, wa zaka 11 panthawiyo, atagwira chitsononkho pafupi ndi pakamwa ngati maiki. Mnzake anali atatukula kachidutswa ka katoni, akuchita ngati akujambula ndi foni. Pakati pawo panaima kamnyamata ka zaka 8 ka aneba athu, komwe kanali pagolo tsiku limenelo ndipo kanamwetsedwa zigoli zitatu.

Mwana wanga ankalankhula Chingerezi chomwe ndinali ndisanamumvepo akulankhula, cha m'misewu ya ku London, mawu akutuluka mothamanga, mitsempha ya m'khosi itadzuka, chala chili pamphuno pa mnzakeyo. Tikamasulira, ankati: ndiwe zinyalala, watichititsa manyazi, choka pa timu yathu, usadzabwerenso. Apa ndi apo ankathirapo liwu lija lotukwana la zilembo zinayi, ngati akuthira mchere m'ndiwo. Anzake ankaseka n'kumaomba m'manja. Kamwanako Chingerezi sikankachimva kwenikweni, koma nkhope yokwinya ndi chala cha pamphuno sizifuna womasulira. Kanatembenuka n'kuthamangira kwawo, masilipasi ake n'kuwasiya pafupi ndi njerwa.

Madzulo kunabwera mayi ake. Anaodira, anakhala pamphasa ndi akazi anga, ndipo malonje atatha anati, "Pepani bambo, ndabwera ndi kankhani. Mwana uja wakana nsima. Akuti mpira sadzaseweranso." Sanakweze mawu ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho ndicho chinandilasa kwambiri. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Ndinapepesa, ndipo atapita ndinakhala duu nthawi yaitali, chifukwa komwe mawuwo anachokera ndinkakudziwa. Anachokera m'foni yanga.

Usiku wa Lachisanu, pa 21 April, Arsenal inasewera ndi Southampton, timu yomwe inali pansi penipeni pa ligi. Masekondi 30 asanakwane, goloboyi Aaron Ramsdale anapatsira mpira mdani, Carlos Alcaraz, ndipo iye sanachedwe kumwetsa. Masewero anathera 3-3, kufanana mphamvu kachitatu motsatizana pambuyo pa Liverpool ndi West Ham, ndipo aliyense wokonda Arsenal anaona kuti chikho chomwe timu inachifumbata pafupifupi nyengo yonse chikupulumukira kwa Manchester City. Kuno masewerowo anatha cha m'ma 11 koloko usiku, mwana atagona kale. M'mawa anandipempha kuti, "Adadi, ndione nawo zigoli." Ndinamupatsa foni. Zigoli zimatenga mphindi zitatu kapena zinayi. Iye anakhala nayo ola lathunthu.

Kukonda Arsenal ndinamupatsira ndine. Ineyo ndinayamba kuikonda nthawi ya Thierry Henry, Patrick Vieira, Nwankwo Kanu ndi Kolo Touré, tikupanikizana pamabenchi m'tinyumba toonetsa vidiyo ku Ndirande, nyengo ya 2003/04 yomwe timuyi inamaliza ligi yonse osagonja ngakhale kamodzi. Masiku amenewo mpira ukatha unkathadi. Munkakangana panjira, mukafika kunyumba n'kugona, mawa n'kumvera BBC kapena kubwereka nyuzipepala. Lero oyimbira akaliza wezulo yomaliza m'pamene masewero achiwiri amayamba, ndipo achiwiriwo ndiwo ana athu amaonera kwambiri, chifukwa safuna dikoda, salipiritsa pakhomo, amakwana m'kabandulo kakang'ono.

Kwa amene simunawaonepo, matchanelo a masapota ndi otere. Munthu amaima kunja kwa bwalo ndi maiki ndi kamera, n'kumafunsa anthu otuluka m'masewero maganizo awo mtima usanazizire. Chomwe chinatchukitsa mchitidwewu ndi ArsenalFanTV, chomwe anayambitsa Robbie Lyle mu 2012, munthu yemwe kale ankaulutsa nyimbo za reggae pa wailesi. Maganizo ake ndimawalemekeza mpaka lero: pa TV pankalankhula akatswiri ovala masuti okhaokha, pomwe munthu wamba wogula tikiti ndi ndalama ya thukuta lake analibe polankhulira. Tchanelochi chinakula kwambiri m'zaka zomaliza za kochi Arsène Wenger, masapota atagawanika pawiri, ena akufuna achoke ena akufuna akhale. Bayern Munich itaswa Arsenal 5-1 mu February 2017 n'kubwerezanso 5-1 mu March, mavidiyo a masapota okalipa anazungulira dziko lonse, ndipo ambiri owaonera anali a matimu ena, obwera kudzaseka. Mu 2018 dzina linasintha kukhala AFTV, kalabu itadandaula za kugwiritsa ntchito dzina lake. Manchester United ili ndi The United Stand ya Mark Goldbridge, Liverpool ili ndi The Redmen TV, ndipo pansi pa akuluakuluwa pali timatchanelo tambirimbiri tongotengera. Chomwe mwana wanga anaonera m'mawa uja chinali chimodzi mwa ting'onoting'onoto. Dzina lake ndilisunga, chifukwa zomwe ndikufuna kunena sizikhudza icho chokha.

Akazi anga anagamula usiku wa Loweruka lomwe lija. "Inu abambo, foniyo asadzaigwirenso. Basi." Ndinawamvetsa. Koma ndinkadziwanso kuti kumumana mwana foni yanga sikutseka mafoni a anzake, ndipo timavidiyo timeneti timayenda pa WhatsApp, pa TikTok ndi pa Facebook titadulidwadulidwa. Panalinso china chomwe sindikanachikana. Mwanayu Chingerezi chake chinali chitakwera, ndipo ankatha kufotokoza chifukwa chomwe Oleksandr Zinchenko amachokera kumbuyo cha kumanzere n'kulowa pakati timu ikakhala ndi mpira, zinthu zomwe ife pa msinkhu wake sitinkazidziwa n'komwe. Zina mwa zimenezi anaziphunzira kwa masapota omwewo. Ndiye ndinapempha sabata ziwiri kuti ndiyambe ndaonera ndekha zomwe ankaonerazo.

Ndinayamba molakwika. Ndinatenga kope n'kumalemba kamzere nthawi iliyonse munthu akatukwana, poganiza kuti tchanelo cha timizere tochepa ndicho chabwino. Patangotha masiku atatu ndinaona kuti muyezo umenewu ukundisocheretsa. Panali bambo wina wachikulire yemwe liwu loipa linkamupulumuka kawiri kapena katatu, koma zonse zomwe ankanena zinali za mpira: pakati patayika motere, kuvulala kwa William Saliba kwatipweteka motere, kochi wachedwa kusintha osewera. Ndiye panali mnyamata wina wosatukwana n'kamodzi komwe, wa pakamwa posalala, koma kwa mphindi 12 ankangokhadzula munthu mmodzi, kuseka mayendedwe ake, kalankhulidwe kake, kumupatsa mayina. Akanati ndisankhe woti akhale pakhonde panga ndi mwana wanga, ndikanasankha bambo uja.

Apa m'pamene ndinazindikira poyenera kuyang'ana. Tchanelo cha masapota simungachidziwe tsiku lomwe timu yapambana. Tsiku limenelo onse ndi abwino, amaimba, amakumbatirana, amayamika ngakhale wotola mipira. Chiyeseni tsiku lomwe timu yagonja, makamaka pakakhala wosewera mmodzi yemwe walakwitsa poyera, ndipo muone chomwe amachita naye munthu ameneyo. Chimenecho ndicho mwana amatola. Mawu otukwana amatha kuwasiya mukamudzudzula. Koma phunziro lakuti munthu akalakwitsa mumuzungulire n'kumuvula ulemu anthu akukuomberani m'manja limalowa mkati mwenimweni, ndipo limakatulukira pa kabwalo kafumbi, m'kalasi, mwinanso m'banja lake akadzakula.

Mpata woyesa muyezowu sunachedwe. Lachitatu pa 26 April, City inathibula Arsenal 4-1 ku Etihad. Ndinakhala mpaka pakati pa usiku ndikudumphira tchanelo ichi ndi icho, ndipo kusiyana kwake kunaonekera poyera. Kwina anthu anali achisoni, ena okwiya ndithu, koma ankakamba za masewero, n'kuvomereza kuti Kevin De Bruyne ndi Erling Haaland anali osagwirika usiku umenewo. Kwina anali atasankhiratu mbuzi yoti aizinge, ndipo inali Rob Holding, yemwe ankasewera m'malo mwa Saliba, yemwenso ndiye anamwetsa chigoli chimodzi chokhacho cha Arsenal. Amene ndinkamuyang'anitsitsa ndi wogwira maiki. Pa tchanelo chabwino, munthu akapyola malire, wofunsayo amamubweza kuti tikambe za mpira. Pa choipa amasonkhezera moto, amayandikiza maiki, amabwereza mawu onyozawo kuti anenedwenso, kenaka mawu omwewo n'kukhala mutu wa vidiyo, m'zilembo zikuluzikulu pambali pa nkhope yoyasamula.

Zimenezi sizichitika mwangozi. YouTube imagawana ndalama za otsatsa malonda ndi eni matchanelo, ndipo pa mavidiyo aatali mwini tchanelo amatenga 55 peresenti. Oonera akachuluka, ndalama nazo zimachuluka. Timu ikapambana amaonera ndi masapota ake okha, koma ikagonja mochititsa manyazi amabwera onse, a United, a Chelsea, a Liverpool, aliyense wofuna kuseka. Ndiye mkwiyo uli ndi msika. Munthu yemwe anakalipa kamodzi kuchokera pansi pa mtima n'kutchuka amazindikira kuti anthu akudikira kuti akalipenso, ndipo sabata yotsatira amakalipa moposa. Héctor Bellerín, akadali wosewera wa Arsenal, anadandaulapo za zimenezi ku Oxford Union mu 2018, pofunsa kuti munthu angadzitche bwanji sapota pomwe kutukuka kwake kukudalira kugwa kwa timu. Eni matchanelo amatsutsa. Amati iwo amangopereka maiki kwa anthu, ndipo timu ikapambana amasangalala ngati wina aliyense. Ndikukhulupirira kuti ambiri a iwo amaikondadi timu. Komabe munthu wamkulu amatha kuona kuti penapake pali kasewero, monga timaonera ndewu za WWE. Mwana wa zaka 11 saona sewero ayi. Amaona bambo wamkulu akumuonetsa mmene mwamuna wokonda timu yake amachitira.

Ndipo okalipiridwawo ndi anthu. Pa 27 October 2019, Arsenal ikusewera ndi Crystal Palace pa Emirates, kaputeni Granit Xhaka anakuwizidwa ndi masapota a timu yake yomwe pomwe ankatuluka m'bwalo. Iye anawabwezera ndi mawu oipa, anavula jezi, ndipo kochi Unai Emery anamulanda ukaputeni. Patapita masiku ochepa anafotokoza kuti kwa nthawi yaitali anthu ankamulembera zoopseza pa intaneti, kufikira pofunira mwana wake wamkazi wakhanda matenda a khansa. Pa 11 July 2021 ku Wembley, Bukayo Saka wa Arsenal, akusewerera England ali ndi zaka 19 zokha, penate yake inagwidwa ndi goloboyi Gianluigi Donnarumma, Italy n'kutenga chikho cha Euro. Usiku womwewo iye, Marcus Rashford ndi Jadon Sancho ananyozedwa chifukwa cha khungu lawo. Sindikunena kuti matchanelo a masapota ndiwo analemba mauthenga amenewo. Ndikunena kuti njira yoyambira pa "ndiwe zinyalala" imakafika kumeneko, ndipo ana akhungu lakuda ngati athuwa amawerenga zonsezo ali ku Chilomoni. Nayo AFTV mu July 2020 inachotsa mmodzi wa olankhula ake otchuka atanena mawu atsankho okhudza Son Heung-min wa Tottenham pa pulogalamu yapompopompo. Kumuchotsako kunali koyenera, koma mawuwo anali atamveka kale.

Mapulogalamu apompopompowa ndiwo anandidetsa nkhawa kuposa onse. Matchanelo a masapota alibe chilolezo choonetsa masewero enieniwo, ndiye amaonetsa nkhope za anthu omwe akuonera masewero, kwa maola awiri kapena atatu, pambali pakuyenda mauthenga a anthu masauzande. Ena amalipira kuti uthenga wawo uoneke pamwamba n'kuwerengedwa, zomwe YouTube imazitcha Super Chat. Kumeneko, komanso m'ndemanga za m'munsi mwa vidiyo, n'komwe ndinapeza zonyansa zenizeni: kutukwana amayi a osewera, tizithunzi ta anyani, kunyoza mkazi aliyense woyerekeza kulankhulapo za mpira. Vidiyo imatha kukhala yoyera bwinobwino, pansi pake pali dzala. Ndipo ana amawerenga ndemanga kuposa mmene makolo timaganizira. Wanga anandiuza yekha kuti amakonda kutsikira kumeneko chifukwa n'komwe kuli zoseketsa.

China sichinali m'maganizo mwanga pomwe ndinkayamba. Matchanelo angapo omwe ndinaonera ankayamba kapena kutha ndi kuthokoza kampani yothandiza pulogalamu, ndipo ena mwa makampaniwo anali a kubetcha. Wolankhula yemwe mwana amamuona ngati amalume ake ankafotokoza mwachimwemwe kuti ukaika ndalama yakuti pa womwetsa chigoli choyamba upata zingati. Ku England komweko nkhaniyi inavuta mpaka makalabu a Premier League anagwirizana mu April 2023 kuti achotse makampani a juga kutsogolo kwa majezi ikatha nyengo ya 2025/26. Ife kuno sitifunika kuchita kuuzidwa. Tinyumba tobetchera tili ponseponse m'misika, ndipo tonsefe tikudziwa mnyamata wina yemwe ndalama ya fizi kapena mpamba wa geni unathera kumeneko. Lamulo limati wosakwana zaka 18 asabetche, koma foni ya kholo ili kale ndi dzina la munthu wamkulu komanso ndalama za m'foni. Tchanelo chilichonse chotsatsa kubetcha ndinachichotsa nthawi yomweyo, chikhale chaulemu chotani.

Wina angafunse kuti kodi YouTube payokha siteteza ana? Malamulo ake amati munthu akwanitse zaka 13 kuti akhale ndi akaunti yakeyake, ndipo kuyambira 2015 pali YouTube Kids ya ana aang'ono. Mu 2019 akuluakulu a boma ku America analipiritsa Google ndi YouTube madola 170 miliyoni pa mlandu wotolera zambiri za ana makolo awo asanavomere, ndipo kuyambira 2020 mwini tchanelo amayenera kunena ngati vidiyo yake yapangidwira ana. Vidiyo yotero sikhala ndi ndemanga, ndipo malonda ake salondola woonera, zomwe zimachepetsa ndalama. Tchanelo cha masapota sichipangidwira ana ndipo sichinena kuti chinapangidwira ana. Pamenepa sichinamiza munthu. Vuto lili m'nyumba zathu. Ambiri a ife foni yabwino ndi imodzi, ya bambo kapena ya mayi, ndipo mwana akaigwira, YouTube imaona munthu wa zaka 40 ndi zakuti. Imamupatsa zomwe ingapatse wamkulu, ndipo akaonera vidiyo imodzi ya mkwiyo imamundandalikira zinzake. Pali poyatsira Restricted Mode, yomwe imabisa mavidiyo ena a akuluakulu pamodzi ndi ndemanga. Ndinaiyatsa ndipo imathandiza, koma ndi sefa wa mabowo akuluakulu. Chipongwe chopanda mawu otukwana chimangodutsa.

Pali chinanso chomwe ndikuona kuti makolo a kuno timachiphonya. Kutukwana kwa m'Chingerezi sikutipweteka m'khutu. Mwana atatchula pabalaza liwu limodzi lokha lotukwana la Chichewa, nyumba yonse ingati zii, agogo angagwire pakamwa. Koma liwu lofanana nalo m'Chingerezi limangodutsa ngati nyimbo ya pa wailesi, penanso kholo n'kumanyadira kuti mwana akuthyola Chingerezi cha eni ake. Chingerezi tinachipatsa ulemu wa kusukulu ndi wa ku ofesi, ndiye chilichonse chobwera m'chinenero chimenechi chimalowa m'nyumba osaodira. Kuwonjezera apo kalankhulidwe ka achinyamata a ku London n'kothamanga, kodzaza mawu awoawo, moti kholo lomwe lili kukhitchini limangomva phokoso la mpira.

Ndisaname kuti ife kuno ndife oyera. Ndaonerapo Maule ndi Manoma pa Kamuzu Stadium kambirimbiri, ndipo zomwe zimatuluka m'kamwa mwa anthu oyimbira akalakwitsa sizolembeka pano. Koma pabwalo pamakhala anthu. Wina akapitirira muyezo, sipalephera kupezeka bambo kapena mayi wonena kuti, "Achimwene, pali ana apa." Wotukwanayo amatembenuka, amaona nkhope ya mwana, nthawi zina n'kuchita manyazi. Mwanayo naye amaona zonse ziwiri, chipongwe ndi chidzudzulo chake. Ndipo masewero akatha mumakwera minibasi, zonse n'kutsala komweko. M'foni mulibe munthu wonena kuti pali ana apa, ndipo vidiyo ikatha ina imayamba yokha.

Kupepesa kwa aneba mwana wanga anapepesa mawa lake lomwe, atanyamula masilipasi aja, koma kunali kupepesa kokankhidwa, maso ali kumbali. Sabata ziwiri zija zitatha ndinamuitana pakhonde, tinakhala awiriwiri. Ndinatsegula vidiyo ya m'mawa wa Loweruka lija, ndinaiimitsa itangoyenda pang'ono, n'kumuuza kuti, "Tandimasulira m'Chichewa zomwe akunenazi. Unene ngati ukuwafotokozera agogo ako." Anayamba bwino, chiganizo choyamba, chachiwiri. Atafika pa mawu onena za Ramsdale anaima. Anawerama, akukanda simenti ndi chala cha kuphazi.

"Adadi, sizingatheke."

"Chifukwa chiyani?"

"N'zamwano."

Ndinamuuza kuti ndi zomwezo anamuuza mnzake uja. Anayankha motsitsa mawu kuti sankaganiza kuti n'zimenezo, ankangochita ngati a pa YouTube. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. M'Chingerezi mawuwo anali masanje, koma atawaika m'chinenero chomwe amalirira akapweteka, anamulemera pakamwa. Ndinamufunsa zaka za Ramsdale, ndipo anadziwa, 24. Ndinati ameneyo ndi wamng'ono kwa amalume ako, ali ndi bambo ndi mayi omwe nawo amaonera. Ndinamukumbutsanso kuti patangotsala masiku 12 kuti alakwitse, ndi yemweyo anatipulumutsa ku Anfield, kwawo kwa Liverpool, potchinga mpira wa Mohamed Salah ndi wa Ibrahima Konaté masewero akutha. Anakumbukira, poti tsiku limenelo analumpha mpaka kugwetsa kapu ya tiyi.

Zomwe tinagwirizana sizovuta. Zigoli amaonera pa tchanelo cha kalabu kapena cha ligi. Mwa matchanelo a masapota ndinasiyapo awiri okha, omwe amafotokoza kaseweredwe, ndipo amaonera ine ndili pomwepo, mawu akumveka poyera osati m'timahedifoni. Zapompopompo ayi, ndemanga ayi, ndipo timu ikagonja foni imagona kuchipinda kwanga mpaka mawa madzulo, mkwiyo wa pa intaneti utaphwa. Akazi anga anaikapo lawo lamulo: akangomva kukuwa kuchokera m'foni safunsa kuti ndi tchanelo chanji, amangotseka. Sindinatsutse. Mwana wa zaka 15 kapena 16 ndingathe kumumasulirako chingwe, chifukwa pa msinkhu umenewo tingakambirane za ndalama zomwe zili kuseri kwa mkwiyowo, iye n'kuziona yekha. Wa zaka 11, ali yekha, ayi. Ndipo kusankha kumeneku sikutha ndi tsiku limodzi. Olankhula amabwera ndi kupita, othandiza mapulogalamu amasintha, tchanelo chomwe chili bwino chaka chino chimatha kupotoka chaka chamawa. Nthawi iliyonse timu ikagonja koopsa ndimabwererako ndekha kukaona.

Malo omwe ndinachotsa ndinayesa kuwadzaza ndi zina. Tinaonera limodzi mobwerezabwereza chigoli chomwe Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali, pa 25 January 2022 ku Cameroon. Masewero amenewo Flames inagonja 2-1 n'kutuluka mu mpikisano, koma ndinamukumbutsa mmene tinawanyadira anyamatawo, osasaka woti timuzinge. Kumapeto kwa 2023 Scorchers itatenga chikho cha COSAFA pogonjetsa Zambia 2-1, tinayamba kusaka zigoli za Temwa ndi Tabitha Chawinga, ndipo mlongo wake wamng'ono, yemwe kale ankathawa phokoso la m'foni, anayamba kudzadzipanikiza pakati pathu.

Koma ndibwerere ku May uja. Kamnyamata ka aneba sikanabwerere pabwalo kwa sabata zingapo. Kankaima kumpanda wakwawo n'kumaonera patali, ndipo anzake akakaitana kankangopukusa mutu. Lamulungu pa 28 May linali tsiku lomaliza la ligi, chikho chitapita kale ku Manchester, Arsenal ikusewera ndi Wolves. Ndinapempha mayi ake kuti ndikatenge, tipite kwa achimwene anga omwe ali ndi dikoda. Anandilola. Arsenal inapambana 5-0, ndipo zigoli ziwiri zoyambirira anamwetsa ndi Granit Xhaka, pa masewero ake omaliza asanapite ku Bayer Leverkusen. Bwalo lonse linkaimba dzina lake. Ndinawafotokozera ana awiriwo zomwe zinamuchitikira munthu ameneyu pa bwalo lomwelo mu 2019, mmene anakuwizidwira, mmene anavulira jezi, zomwe anthu ankalemba za mwana wake. Kamnyamata kaja kanamvetsera kali phee, kenaka kanafunsa kuti, "Ndiye anthu anamukuwiza aja ndi omwewa akuimbawa?" Ndinati ambiri a iwo ndi omwewo. Sikananenenso kanthu, kanangoyang'ana pa TV.

Loweruka lotsatira ndinali pakhonde pomwe paja, ndipo ndinakaona kataima pakati pa njerwa, katavala masilipasi m'manja ngati magolovesi. Kanamwetsedwa ziwiri. Mpira utatha mnyamata wina anatola chitsononkho n'kupatsa mwana wanga, wa katoni uja n'kuyamba kujambula. Ndinasiya zomwe ndinkachita. Mwana wanga anachigwira chitsononkhocho kwa kanthawi, anacheukira kukhonde kuno, kenaka anachiloza pakamwa pa mnzakeyo n'kufunsa m'Chichewa, "Agoloboyi, tatiuzani, chachiwiri chija chadutsira pati?"

"Sichinali chigoli chimenechija," kanatero. "Njerwa inasuntha."

Pomwepo mkangano unabuka, ena akuyeza mapazi kuchoka pa njerwa iyi kufika pa iyo, ena akuloza pomwe njerwa inali poyamba, goloboyi ali pakati akukuwa kuposa onse, mpaka mayi ake atamuitana kuti akasambe kunja kukuda.